PHUNZIRO 18: MULUNGU ALIMBITSA MTUMIKI WAKE WOTOPA

Kowerenga: 1 Mafumu 19:1-21

Vesi loloweza: Yesaya 40:29

Cholinga: Kuti ana adziwe kuti Mulungu sataya mwana wake amene watopa ndi kuthedwa nzeru, koma amamsamalira thupi ndi mzimu womwe, nampatsa mphamvu yakupitiriza ulendo wake.

MAU KWA APHUNZITSI

Ana onse amaikonda nkhani ya Eliya pa phiri la Karimeli. Amakondwa kumva za moto wotsika kumwamba, ndi za aneneri a Baala amene anafuula kuyambira m'mawa kufikira madzulo popanda wowayankha. Koma phunziro la lero litionetsa Eliya yemweyo ali gone m'chipululu, wotopa, wamantha, wopempha imfa.

Kapena wina adzati nkhani yotere si yoyenera ana. Koma tapenyani bwino ana amene amakhala pamaso panu tsiku la Sabata. Wina wabwera osalawa kanthu chifukwa nkhokwe yakwao inatha mu Januwale. Wina anaika mai wake m'manda mwezi wathawu. Wina amagona akumva makolo ake akukangana usiku ndi usiku. Wina walephera mayeso a Sitandade 8 ndipo akuchita manyazi kuonekera pamaso pa anzake. Ana athu akuwadziwa kale mavuto. Tikawaphunzitsa za Karimeli mokha, adzayesa kuti Mulungu amakhala ndi opambana okhaokha, ndipo tsiku la tsoka adzati wawasiya.

Ndiponso phunziroli ndi lanu. Ntchito ya Sukulu ya Sabata ilibe malipiro, oyamika ndi owerengeka, ndipo zipatso zake zimachedwa kuoneka. Alipo aphunzitsi amene amanena mumtima mwao kuti chaka chino nchomaliza. Tsono musanapite kukaphunzitsa, werengani nokha kunyumba mitu 17, 18 ndi 19 ya 1 Mafumu, ndipo mulole Mau a Mulungu ayambe alankhula ndi inu.

ZIMENE ZINATSOGOLA

Eliya wa ku Tisibe anali mneneri mu ufumu wa kumpoto wa Israyeli m'masiku a mfumu Ahabu, amene analamulira ku Samariya zaka 22, zaka zoposa 850 Khristu asanabadwe. Ahabu anakwatira Yezebeli, mwana wa Etibaala mfumu ya Asidoni. Mkaziyu analimbikitsa chipembedzo cha Baala, mulungu amene Akanani ankamuyesa mwini mvula ndi zokolola, ndipo anapha aneneri a Yehova. Chifukwa chake Yehova anatseka kumwamba zaka 3 ndi miyezi 6, kuti mtundu wonse udziwe kuti mwini mvula ndani.

Pa Karimeli Eliya anaima yekha pamaso pa aneneri a Baala 450. Moto unatsika nupsereza nsembe, anthu anagwa nkhope zao pansi navomereza Yehova, ndipo aneneri onama anaphedwa ku mtsinje wa Kisoni. Mvula yaikulu inagwa, ndipo Eliya anathamanga patsogolo pa gareta wa Ahabu kufikira ku Yezreeli. Ndithu anayembekeza kuti tsopano mfumu ndi dziko lonse abwerera kwa Mulungu. Koma chimene analandira ndi mthenga wochokera kwa Yezebeli, womuuza kuti pofika nthawi yomweyo mawa lake adzakhala ataphedwa.

1. ELIYA ATHAWA

Eliya ananyamuka kuti apulumutse moyo wake. Kuchokera ku Yezreeli kukafika ku Beereseba, kum'mwera kwenikweni kwa dziko la Yuda, pali makilomita oposa 150. Auzeni ana kuti uli ngati ulendo wapansi wochokera ku Lilongwe kukafika ku Ntcheu. Ku Beereseba anali atatuluka kale mu ufumu wa Ahabu, komabe mtima wake sunakhazikike. Anasiya mnyamata wake komweko, nalowa yekha m'chipululu ulendo wa tsiku limodzi. Anakhala pansi patsinde pa mtengo watsanya, kachitsamba ka m'chipululu ka mthunzi wochepa, napempha Mulungu kuti achotse moyo wake, pakuti anadziona kuti sanapambane makolo ake m'kanthu kali konse.

Nanga chinamgwetsa munthu wolimba chotere nchiyani? Tiona zinthu zinai. Choyamba, thupi lake linali litatopa kotheratu ndi ntchito ya pa Karimeli, liwiro la ku Yezreeli ndi ulendo wa ku Beereseba. Chachiwiri, chimene anachiyembekeza sichinachitike. Anakhetsa thukuta zaka zambiri koma Yezebeli anali chikhalire pampando. Chachitatu, anayang'ana kwambiri mau a Yezebeli, naiwala dzanja limene linamsunga masiku onse a chilala. Chachinai, anadzipatula, ngakhale mnyamata wake yemwe anamsiya m'mbuyo.

Eliya sali yekha m'Buku Lopatulika. Mose anapempha imfa pamene katundu wa Aisrayeli anamlemera (Numeri 11). Yeremiya anatemberera tsiku la kubadwa kwake (Yeremiya 20). Paulo anauza Akorinto kuti m'Asiya anapsinjika kopitirira mphamvu yake, kotero kuti anataya chiyembekezo cha moyo (2 Akorinto 1:8). Ndipo Yakobo atikumbutsa kuti Eliya anali munthu monga ife tomwe (Yakobo 5:17). Chifukwa chake tisaphunzitse ana kuti Mkhristu weniweni sataya mtima, kapena kuti chisoni chili chonse chimachokera ku tchimo lobisika. Umo ndimo analakwira abwenzi a Yobu, ndipo Mulungu anawadzudzula.

Koma onani chinthu chimodzi chimene Eliya anachita bwino. Sanadzichotsere moyo ndi dzanja lake. Anadziwa kuti moyo uli ndi Mwini wake, ndipo mau ake owawa anapita nao kwa Mwini moyoyo. Pemphero lake linali lopotoka, komabe linafika pa khomo loyenera.

2. MULUNGU AMPATSA TULO NDI CHAKUDYA

Yankho loyamba la Mulungu ndi lodabwitsa. Sanamkalipire, ndipo sanamlalikire. Anamleka agone. Pambuyo pake mngelo anamkhudza namuuza kuti adzuke adye. Kumutu kwake kunali mkate wootcha ndi chotengera cha madzi. Anadya, namwa, nagonanso. Mngelo anabweranso kachiwiri namdyetsanso, popeza ulendo unali wautali womposa mphamvu.

Aka kanali kachitatu Mulungu kumdyetsa Eliya modabwitsa. Ku mtsinje wa Keriti anamtumira makungubwi. Ku Zarefati anamdyetsa ndi ufa ndi mafuta a mkazi wamasiye. Koma kumalo awiriwo Eliya anapita molamulidwa ndi Mulungu. Kuchipululu kuno anadzipitira yekha mothawa, ndipo Mulungu anamtsata komweko ndi mkate. Ichi ndicho chisomo. Atate wathu sayamba wafunsa ngati tayenera asanatidyetse.

Mulungu amene analenga thupi amadziwa kufooka kwake, ndipo akumbukira kuti ndife fumbi (Masalmo 103:14). Akuluakulu anati njala nchilombo. Munthu wosadya, wosagona, amaona kanthu kakang'ono ngati phiri. Tsono kupumula ndi kudya si kusowa chikhulupiriro ai. Nthawi zina chinthu chauzimu chimene wotopa ayenera kuyamba kuchita ndicho kugona tulo.

Apa pali ntchito ya Mpingo. Pa maliro timadziwa kale mwambo wake: amai amabwera ndi ufa, nkhuni ndi madzi, abambo amagona pa siwa, ndipo onsewa atonthoza ofedwa mlaliki asanatsegule pakamwa. Pamene namondwe wa Freddy anaononga Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi maboma ena a kum'mwera mu Malichi 2023, anthu ambiri anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Amene anawafikira ndi bulangete ndi phala anachita ntchito ya mngelo uja wa m'chipululu. Yakobo atichenjeza kuti mau okoma kwa mbale wausiwa ndi wanjala alibe phindu ngati sitimpatsa zosowa za thupi (Yakobo 2:15-16).

3. MULUNGU AFUNSA, NAMVETSERA

Ndi mphamvu ya chakudya chimenecho Eliya anayenda masiku 40 usana ndi usiku kufikira ku Horebu. Horebu ndilo phiri la Sinai, kumene Mulungu anachita pangano ndi Aisrayeli napatsa Mose malamulo. Mneneri amene anaona pangano likuphwanyidwa anabwerera kumene panganolo linayambira. Kumeneko analowa m'phanga nagona.

Pamenepo Yehova anamfunsa chimene anali kuchita kumeneko. Kodi Mulungu sanadziwe? Anadziwa ndithu. Anafunsa kuti Eliya atule zonse za mumtima mwake. Ndipo Eliya anatula: kuti anagwira ntchito ya Yehova ndi changu chachikulu, kuti Aisrayeli anasiya pangano, anagumula maguwa a nsembe, anapha aneneri, ndi kuti watsala iye yekha, nayenso akumfunafuna. Mulungu anamfunsa kawiri, ndipo kawiri konse Eliya anayankha mau omwewo.

M'madandaulo amenewa munali zoona ndi zolakwa zomwe. Kugumula maguwa kunali koona, kupha aneneri kunali koona. Koma kunena kuti watsala yekha sikunali koona, pakuti Obadiya, woyang'anira nyumba ya Ahabu, anali atamuuza kale kuti anabisa aneneri 100 m'mapanga, 50 kwina 50 kwina, nawadyetsa mkate ndi madzi (1 Mafumu 18:13). Chisoni chimachepetsa maso. Wovutika amaiwala zabwino zimene anaziona dzulo lomwe. Komabe Mulungu sanamdule pakamwa. Anamleka anene zonse, ndipo anamkonza pambuyo pake.

Tiphunzirepo zinthu ziwiri. Choyamba, tiloledwa kunena zoona kwa Mulungu m'pemphero. Masalmo 13, 42 ndi 88 ndi mapemphero a anthu osweka mtima, ndipo Mzimu Woyera anawaika m'Buku Lopatulika kuti ifenso tipeze mau pa tsiku la msauko. Chachiwiri, pokaona wovutika tisafulumire kulankhula. Ambiri a ife timafika ndi mayankho tisanamve funso. Khalani pansi, funsani, mvetserani kufikira atatha, ngakhale abwereze nkhani yomweyo kawiri.

4. MPHEPO, CHIVOMEZI, MOTO NDI LIU LOFATSA

Yehova anamuuza Eliya kuti atuluke akaime pa phiri. Kunadza mphepo yamphamvu yong'amba mapiri ndi kuswa matanthwe. Kunadza chivomezi. Kunadza moto. Koma Baibulo litiuza katatu kuti Yehova sanali m'zimenezi. Potsiriza kunamveka liu laling'ono longa kunong'ona. Atamva limeneli Eliya anaphimba nkhope yake ndi chofunda, nakaima pa khomo la phanga.

Eliya anali munthu wa moto. Anayesa kuti ngati moto wa pa Karimeli sunatembenuze Yezebeli, ndiye kuti ntchito ya Mulungu yalephera. Pa Horebu anaphunzira kuti mphepo, chivomezi ndi moto ndi atumiki chabe a Yehova, ndi kuti Iye mwini amagwiranso ntchito mwakachetechete, monga mbeu imamera m'nthaka usiku wopanda woimva.

Phunziro limeneli ndi lofunika masiku ano. Anthu ambiri ovutika amathamanga uku ndi uku kufunafuna zozizwa. Ena amagulitsa mbuzi zao kuti akagule madzi kapena mafuta amene auzidwa kuti adzathetsa mavuto ao onse, ndipo amabwerako osauka koposa kale. Mulungu angathe kuchita zozizwa pamene Iye afuna, koma chitonthozo chake sichigulidwa ndi ndalama. Amatipatsa mwa Mau ake owerengedwa ndi kulalikidwa, mwa pemphero, pa Mgonero wa Ambuye, ndi mwa chiyanjano cha abale. Njira zimenezi zilibe phokoso, koma ndizo zasunga Mpingo mibadwo yonse.

Inunso aphunzitsi, ntchito yanu ili ngati liu lofatsa lija. Vesi limene mwana aloweza lero pansi pa mtengo kapena m'chipinda cha sukulu lidzamgwira dzanja zaka 30 zikudzazo, ali gone m'chipatala, inu mulibe. Musaipeputse ntchitoyi.

5. MULUNGU AMBWEZERA KU NTCHITO, NAMPATSA MNZAKE

Mulungu sanamleke Eliya kukhala m'phanga. Anamuuza kuti abwerere, akadzoze Hazaeli kukhala mfumu ya Aramu, Yehu kukhala mfumu ya Israyeli, ndi Elisa kukhala mneneri m'malo mwake. Onani kuti Yezebeli anali moyobe, ndipo choopsa chinalipobe. Mulungu sanachotse vuto tsiku lomwelo, koma analimbitsa munthu wake kuti akaime pakati pa vutolo. Ndipo anaimadi, pakuti m'mutu 21 timpeza akudzudzulanso Ahabu maso ndi maso chifukwa cha munda wamphesa wa Naboti.

Kenaka Yehova anakonza chiwerengero cha Eliya. Iye anawerenga mmodzi. Mulungu anawerenga 7,000 amene sanagwadire Baala. Paulo atchulanso nkhani imeneyi pa Aroma 11 posonyeza kuti Mulungu amadzisungira anthu ake nthawi zonse mwa chisomo. Ndiponso pa ntchito zitatu zija, Eliya anachita ndi manja ake imodzi yokha, ya kuitana Elisa. Za Hazaeli ndi Yehu zinachitika m'masiku a Elisa (2 Mafumu 8 ndi 9). Ntchito ya Mulungu siima pa mapewa a munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Eliya anampeza Elisa mwana wa Safati akulima, magoli 12 a ng'ombe ali pantchito, namponyera chofunda chake. Elisa anatsazika kwao, namtsata, namtumikira. Munthu amene anasiya mnyamata wake ku Beereseba anapatsidwa mnzake amene anakana kumsiya kufikira tsiku lomaliza. Ndipo iye amene anapempha imfa patsinde pa mtengo sanailawe konse, pakuti anatengedwa kunka kumwamba m'kavumvulu (2 Mafumu 2:11). Mulungu anakana pemphero lake chifukwa anamsungira chinthu choposa.

WAMKULU WOPOSA ELIYA

Musatseke phunziro musanawafikitse ana kwa Yesu Khristu. M'munda wa Getsemane moyo wa Ambuye wathu unagwidwa ndi chisoni chofa nacho, ndipo mngelo anabwera kudzamlimbitsa (Luka 22:43). Eliya anathawa imfa, koma Yesu anaipita dala chifukwa cha ife. Eliya anangodziyesa wotsala yekha, koma Yesu anatsaladi yekha pa mtanda, atasenza machimo athu, kuti ali yense womkhulupirira asadzasiyidwe konse. Chifukwa chake tili naye Mkulu wa ansembe wodziwa kumva chifundo ndi zofooka zathu (Ahebri 4:15).

Atauka kwa akufa anachitira Petro monga Yehova anachitira Eliya. Pa gombe la nyanja ya Tiberiya anayamba wakonza moto wamakala, nsomba ndi mkate. Atatha kudya anamfunsa mafunso. Potsiriza anampatsa ntchito yoweta nkhosa zake (Yohane 21). Mulungu wa pa Horebu ndi yemweyo amene timuona mwa Khristu. Nchifukwa chake Katekisma wa ku Heidelberg, wolembedwa m'chaka cha 1563, amayamba ndi funso la chitonthozo, ndipo amatilozera kwa Mpulumutsi amene anatigula kuti tikhale ake. Chuma chimatha, thanzi limatha, abale amamwalira, koma wogulidwa ndi mwazi wa Khristu palibe angamkwatule m'dzanja lake.

KAPHUNZITSIDWE KAKE

Kwa ana aang'ono: Fotokozani nkhani mwachidule, makamaka ya mtengo, mngelo, mkate ndi madzi. Asankheni ana awiri achite sewero, wina Eliya wina mngelo. Pofika pa Horebu, ana onse aombe mphepo ndi pakamwa, agunde pansi ndi mapazi, kenaka akhale chete ndithu, ndipo inu munong'one vesi loloweza. Mau oti apite nao kwao ndi awa: ndikatopa kapena ndikaopa, Mulungu sandisiya.

Kwa ana okulirapo: Awerenge okha ndime zonse mosinthana. Lembani pa bolodi zinthu zinai zimene zinamgwetsa Eliya, ndipo iwo apeze m'Baibulo mankhwala amene Mulungu anapereka pa chili chonse.

Chenjezo: Musamloze mwana wamasiye kapena wosauka pamaso pa anzake monga chitsanzo. Ndipo mwana kapena wachinyamata akakuuzani kuti akufuna kufa, musaseke, musamkalipire, ndiponso musaisunge nkhaniyo nokha. Mvetserani, pempherani naye, ndipo tsiku lomwelo dziwitsani abusa kapena mkulu wa mpingo pamodzi ndi womlera, kuti athandizidwe kufika kuchipatala. Matenda a maganizo ali ndi chithandizo monga matenda ena onse. Ngati gwero la vutolo ndi nkhanza za kunyumba komweko, abusa akuthandizeni kukanena kwa oona za chisamaliro cha ana kapena kupolisi.

MAFUNSO

1. Eliya anathawiranji atangopambana pa Karimeli?
2. Kodi Mulungu anayamba wamchitira chiyani patsinde pa mtengo watsanya?
3. Ndi mau ati a Eliya amene sanali oona, ndipo Mulungu anawakonza bwanji?
4. Liu lofatsa lija litiphunzitsa chiyani za kagwiridwe ka ntchito ka Mulungu?
5. Nanga ife tingakhale bwanji ngati mngelo uja kwa mnzathu wovutika?

NTCHITO YA SABATA INO

Kalasi lonse lisankhe nkhalamba, wodwala kapena banja lofedwa la pafupi. Pa tsiku lopangana, ndi chilolezo cha makolo, mupite nao ana kukatunga madzi, kutola nkhuni kapena kusesa pabwalo, ndipo potsiriza mwana mmodzi anene vesi loloweza. Inunso aphunzitsi, kumbukirani mphunzitsi mnzanu amene waleka kubwera. Musamweruze ali kutali, pitani mukamuone.

PEMPHERO

Atate wathu wa Kumwamba, tikuyamikani chifukwa simutaya ana anu pamene atopa. Inu amene munamtsata Eliya m'chipululu, tsataninso ana athu amasiye, anjala, odwala ndi amantha. Tipatseni makutu akumva liu lanu lofatsa, ndi manja ofulumira kuthandiza anzathu. Limbitsani aphunzitsi onse a Sukulu ya Sabata kuti asaleme pa ntchito yanu. Tipempha izi m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.